Nambala Nayo Ili ndi Kwawo

Ku America fiti imagawidwa m'njira ziwiri, ndipo njira iliyonse ili ndi eni ake. Akatswiri a mapulani a nyumba, pamodzi ndi akalipentala ndi amisiri onse otsata mapulaniwo, amaigawa m'mainchesi 12. Inchi iliyonse amaidula pakati, theka lakelo n'kulidulanso pakati, mpaka atafika pa kachigawo kamodzi mwa 16. Mainjiniya a misewu ndi ngalande, pamodzi ndi oyeza malo, amatenga fiti yomweyo n'kuigawa m'magawo 10, gawo lililonse m'tizigawo 10, ndipo inchi alibe nayo ntchito. Magulu awiriwa amakumana pa puloti imodzi, amatumikira mwini nyumba mmodzi, ndipo onse amatchula liwu lomwelo lakuti fiti. Koma wina akalemba 6.5, mnzake n'kuwerenga kuti mafiti 6 ndi mainchesi 5, ndiye kuti khoma laphonya kale malo ake ndi inchi yathunthu, pakuti theka la fiti ndi mainchesi 6.

Pakati pa magulu awiriwa pamakhala munthu amene satchulidwa pa tsiku lotsegulira nyumba. Ameneyu ndi wojambula, amene amalandira zolemba za mbali zonse ziwiri n'kuziika pa pepala limodzi. Mayi wina wa mumzinda wa Denver, m'chigawo cha Colorado, adagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 40 mu ofesi ya mainjiniya, kuyambira nthawi ya pensulo ndi thabwa lojambulirapo kufikira nthawi ya kompyuta. Pa mapulani onse amene adadutsa m'manja mwake, dzina lake lidaoneka ngati zilembo ziwiri zokha m'kabokosi ka pangodya ya pepala. Magulu aja iye ankawatchula mwachidule kuti anthu a nyumba ndi anthu a nthaka, ndipo ankawadziwa monga mwana amadziwira kwawo kwa atate ndi kwawo kwa amayi, chifukwa adabadwira kwa anthu a nyumba n'kukakhwimira kwa anthu a nthaka.

Bambo ake adali kalipentala, ndipo masamu ake oyamba mayiyu adawaphunzira pa chingwe. Bambowo ankati akafuna pakati pa thabwa, ankayala chingwe m'litali mwake n'kuchipinda kamodzi. Akafuna kota, n'kuchipindanso. "Dzanja limadziwa kudula pakati, mwana wanga," ankatero, "koma tauza dzanja lomwelo kuti lidule pakhumi, uone mmene likayikire." M'mawu amenewa mudali nzeru ya ntchito yawo yonse. Nambala ya 12 imagawika pawiri, patatu, panayi ndi pasanu n'kamodzi popanda chotsala, pamene 10 imagawika pawiri ndi pasanu basi. Zipangizo za m'sitolo nazo n'za m'banja lomweli: pulayiwudi imabwera ya mafiti 8 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi, ndipo mitengo yoimirira ya m'khoma la matabwa imatalikirana mainchesi 16, kotero kuti m'mphepete mwa pulayiwudi mumagwera ndendende pa mtengo, pomwe pali pokhomera msomali. Munthu wa nyumba akalemba 3'-4 1/2" amakhala akulankhula ndi tepi imene ili m'thumba la mmisiri.

Anthu a nthaka ali ndi vuto lawolawo, ndipo muyeso wawo udabadwa kuchokera m'vutolo. Ntchito yawo ndi yowonkhetsa. Woyeza malo amayenda mtunda wautali akulemba manambala mazanamazana, ndipo pomaliza ayenera kuwaphatikiza, kuwachotserana ndi kuwachulukitsa. Munthu wowonkhetsa ma 3/8 ndi ma 5/16 tsiku lonse sachedwa kuphonya. M'chaka cha 1620 Edmund Gunter, katswiri wa masamu wa ku England, adakonza unyolo woyezera malo wa mafiti 66, wogawidwa m'timfundo 100. Maunyolo 80 amakwana mailo imodzi, ndipo munda wa unyolo umodzi m'lifupi ndi maunyolo 10 m'litali ndiwo ekala imodzi. Motero woyeza ankawerenga m'makhumi, koma yankho n'kumatuluka m'maekala amene mlimi amawadziwa. Ndi unyolo umenewu America idagawira malo ake akumadzulo pambuyo pa lamulo la malo la 1785. Mu 1790 Thomas Jefferson adapereka ku nyumba ya malamulo maganizo akuti fiti ikhale ya mainchesi 10, koma aphungu sadachitepo kanthu. Dola yokha ndiyo idagawidwa m'masenti 100. Komabe ndodo ya woyeza malo ku America ndi yolembedwa m'magawo 10 ndi 100 a fiti, ndipo mainjiniya amene amamanga pa manambala ake amayenda m'mapazi mwake.

M'masiku a pensulo kusiyana kumeneku kunkaoneka ndi maso. Pa tebulo la mayi uja pankakhala marula awiri a mbali zitatuzitatu. Rula ya anthu a nyumba inkati kota ya inchi pa pepala iimire fiti imodzi ya khoma, kumene kuli kuchepetsa nyumba ka 48. Rula ya anthu a nthaka idali ndi manambala 10, 20, 30, 40, 50 ndi 60, ndipo inchi imodzi ikaimira mafiti 20, puloti inkachepa ka 240. Kusamutsa nyumba kuchokera pa pepala la eni ake kuiika pa pulani ya puloti kudali kuijambulanso ndi manja, khoma ndi khoma, diso lili pa kapepala komata pakhoma la ofesi: inchi imodzi ndi 0.08, mainchesi 3 ndi 0.25, mainchesi 9 ndi 0.75. Ntchitoyo idali yochedwa ndi yopweteka msana. Koma nambala iliyonse inkadzera m'mutu mwa munthu, ndipo yachilendo inkaonekera monga amaonekera mlendo pa msonkhano wa banja.

Pulogalamu ya AutoCAD idatuluka mu Disembala 1982, ndipo m'zaka zotsatira idalowa m'maofesi mpaka matabwa ojambulirapo adaunjikidwa kuchipinda chosungiramo katundu. Ubwino wake udali woonekeratu. Pa kompyuta chinthu chimajambulidwa pa msinkhu wake weniweni, ndipo kuchepetsa kumabwera pa nthawi yosindikiza pokha. Mayiyu adaikonda pulogalamuyo, koma sadachedwe kuzindikira chinthu chimodzi chimene marula ake akale sankabisa. Kompyuta imasunga nambala yokhayokha, yopanda mtundu. Mzere wotalika 100 ndi wotalika 100 basi; kuti ndi mainchesi, mafiti kapena mamita, zimenezo zili m'mutu mwa amene adaujambula. Anthu a nyumba adazolowera kuti chimodzi pa kompyuta ndi inchi. Anthu a nthaka adazolowera kuti chimodzi ndi fiti. Choncho nyumba ya mafiti 100 ikachoka ku ofesi ya eni ake imafika pa pulani ya puloti ili yotalika 1,200, n'kuphimba puloti, msewu ndi malo a anansi omwe.

Wophunzira ntchito akaona zoterezi amathamangira pamene pulogalamuyi imalola munthu kusankha kalembedwe ka miyeso. Pamenepo pali mayina asanu: Scientific, Decimal, Engineering, Architectural ndi Fractional. Mzere wa 15.5 umaoneka ngati 15.50 mu Decimal, 15 1/2 mu Fractional, 1'-3 1/2" mu Architectural, ndi 1'-3.50" mu Engineering. Dzina la Engineering ndi lonyenga, pakuti nalonso limayesa chimodzi kukhala inchi, ndipo n'chifukwa chake mainjiniya a misewu amalilambalala n'kusankha Decimal. Kusintha kalembedwe kuli ngati kusintha malaya: thupi ndi lomwe lija. Mpanda wa mafiti 100 wa woyeza malo, ukauveka malaya a Architectural, umayamba kudzitcha 8'-4", chifukwa pulogalamu yawerenga 100 uja ngati mainchesi. Palibe chasuntha, palibe chafupika. Nambala yangovala dzina la eni.

Kutembenuza kwenikweni n'kukulitsa kapena kuchepetsa chojambula chonse. Chochokera kwa anthu a nyumba kupita kwa anthu a nthaka chimachepetsedwa ka 12. Chobwerera chimakulitsidwa ka 12. Wosokoneza mbali amapeza nyumba yakula ka 144, ndipo amaseka yekha n'kubwereza. Mayiyu zoterezi sankaziopa. Chimene ankaopa ndi chala chaulesi chimene, m'malo molemba 1/12 monga pulogalamu imalolera, chimalemba 0.083. Kusiyanako n'kochepa m'maso, koma pa khoma la mafiti 100 kumadya mainchesi pafupifupi 5, ndipo pa kompyuta nyumbayo imaoneka yabwinobwino. Cholakwa chachikulu chimadziulula chokha; chaching'ono chimadikira kuti konkire iume.

Ngakhale kusiyana kodziwika bwino kumagwetsa munthu ngati sadziwa mbali imene kwapendekera. Mu 2003, pomanga mlatho pa mtsinje wa Rhine ku Laufenburg, pakati pa Germany ndi Switzerland, mainjiniya ankadziwa kuti maiko awiriwa amawerenga kukwera kwa nthaka kuchokera pa nyanja zosiyana, Germany kuchokera ku Amsterdam ndipo Switzerland kuchokera ku Marseille, ndi kuti kusiyana kwake ndi masentimita 27. Adakonza ndithu, koma adakonzera mbali yolakwika, ndipo kusiyanako kudasanduka masentimita 54. Mwayi wake, zidaoneka ntchito ili m'kati, ndipo mlathowo udatsegulidwa mu 2004. Nkhani imeneyi mayi uja ankaisimba kawirikawiri, popeza nayenso tsiku ndi tsiku ankagwirizanitsa anthu oyambira kuwerenga pa malo osiyana. Anthu a nyumba amayambira pansi pa chipinda cha nyumba yawo, pamene kawirikawiri amapatcha 100'-0". Anthu a nthaka amayambira pa nyanja, ndipo ku Denver, kumene masitepe a nyumba ya malamulo ya Colorado ali ndi chizindikiro cha mafiti 5,280, pansi pa chipinda chomwecho pamakhala ndi nambala yoposa 5,000. Mzere umodzi wolembedwa pa pulani, wonena kuti 100'-0" wa awa ndi nambala yakuti ya awo, ndiwo umaweruza ngati madzi a mvula adzathawa khomo kapena adzalowa m'nyumba.

Pa makomo pomwepo ndi pamene mayiyu adaonera kulemera kwa inchi imodzi. Malamulo otsatira lamulo la 1990 loteteza anthu aulumali ku America amati kanjira kotsetsereka kolowera m'nyumba yatsopano kasakwere kuposa inchi imodzi pa fiti iliyonse. Munthu wa nyumba amachitchula choncho, inchi pa fiti. Munthu wa nthaka amalemba 8.33 peresenti; chinthu n'chimodzi. Pa kachipatala kena katsopano, m'zaka za m'ma 1990, pulani ya nthaka idasonyeza kuti khomo lili 0.5 pamwamba pa poimika magalimoto. Wina ku ofesi ya anthu a nyumba adawerenga kuti mainchesi 5, n'kujambula kanjira ka mafiti 5. Kukwera kwenikweni kudali mainchesi 6, ofuna kanjira ka mafiti 6. Woyendera ntchito atayeza, konkire yatsopano idaphwanyidwa, ndipo maofesi awiri adatha masabata akulozana zala pa za ndalama. Mayiyu mkanganowo sudamukhale mumtima. Chidamukhala ndi chithunzi cha nkhalamba ya pa njinga ya aulumali, imene ikadalimbana ndi chitunda chimenecho ndi mikono yake yotopa ulendo uliwonse wokaonana ndi dokotala, osadziwa kuti ikulipira kadontho kamene wina adakawerenga mwa chizolowezi cha kwawo.

Atazolowera kuti fiti imagawidwa pawiri, adadzaphunziranso kuti fiti yomweyo ilipo mitundu iwiri. Mu 1866 nyumba ya malamulo ya America idavomereza mita n'kuiyesa mainchesi 39.37, ndipo mu 1893, pa chilengezo cha Thomas Mendenhall, fiti idayamba kuwerengedwa kuchokera pa mita, kukhala 1200/3937 ya mita. Mu 1959 maiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo America, Britain ndi South Africa, adagwirizana kuti inchi ikhale mamilimita 25.4 ndendende, motero fiti idakhala mamita 0.3048. Fiti yatsopanoyi idafupika ndi magawo awiri pa miliyoni. Oyeza malo a ku America adaloledwa kusunga yakale, popeza mapu a dziko lonse adali atakhazikika pa iyo. Pa mailo imodzi kusiyanako ndi pafupifupi 1/8 ya inchi, kosati n'kudetsa nako nkhawa kalipentala. Koma manambala osonyeza malo pa mapu a boma a Colorado amawerengedwa kuchokera kutali kwambiri, ndipo ku Denver ya kum'mawa imaposa mafiti 3,000,000. Magawo awiri pa miliyoni a nambala yotere ndi mafiti 6, okwanira kuimika mpanda m'puloti ya mnansi kapena kutsitsa chokumbira pa paipi ya gasi. Boma lidaipumitsa fiti yakaleyo kuyambira pa 1 Januwale 2023, koma mapulani ndi zikalata za malo zolembedwa m'fiti imeneyo zikadali m'makabati, ndipo zidzatsegulidwabe ndi anthu amene sadabadwe pamene zinkalembedwa.

M'kupita kwa nthawi AutoCAD idapatsidwa chizindikiro chotchedwa INSUNITS, chimene fayilo imanenera kuti chimodzi chake ndi inchi, fiti kapena milimita, kotero kuti pulogalamu itembenuze yokha pamene zojambula ziwiri zikumana. Chimathandiza ndithu pamene adachiika bwino. Koma fayilo ina imafika chizindikirocho chili chopanda kanthu, ina imafika chikunena zabodza chifukwa mwini wake adayambira pa pepala la ntchito ina, ndipo nthawi zina pulogalamu imatembenuza mwakachetechete, munthu n'kudzatembenuzanso pamwamba pake. Mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito adamuuza mayiyu tsiku lina kuti, "Koma amayi, kompyuta yasonyeza kale kuti ndi mafiti." Iye adayankha kuti, "Yasonyeza zimene wina adaiuza. Kodi mukumudziwa amene adaiuzayo?" Kenaka adamuphunzitsa chimene ankaphunzitsa aliyense: asanakhudze kanthu, apeze chinthu chimene thupi lake likuchidziwa n'kuchiyeza. Chitseko chakunja nthawi zambiri chimakhala cha mafiti atatu. Kompyuta ikati 36, ndi mainchesi. Ikati 3, ndi mafiti. Ikati 914, ndi mamilimita. Chitseko chikayankha, mnyamatayo anyamule lamya afunsebe amene adatumiza fayiloyo. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo m'ntchito iyi phulalo amadya ndi wina, amene sadaione n'komwe pulaniyo.

Ambiri amati mavuto onsewa akadatha America ikadalowa m'mamita, monga lamulo la 1975 lidalimbikitsira popanda kukakamiza. Masamu akadapepuka, n'zoona, koma mpata wa pakati pa magulu awiri aja sukadatsekeka. Kum'mwera kwa Africa, kumene mapulani amalembedwa m'mamita, katswiri wa nyumba amajambula m'mamilimita pamene woyeza malo amajambula m'mamita, ndipo nyumba imafika pa puloti itakula ka 1,000 m'malo mwa ka 12. Wophunzira wa ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Harare amene watsegula acad.dwt m'malo mwa acadiso.dwt wayambira pa pepala lokonzedwera mainchesi, ndipo adzakumana ndi 25.4 asadamuitane. Miyeso yakale nayo sidasamuke: njanji za m'chigawochi zimatalikirana mamilimita 1,067, nambala yooneka yosamveka mpaka munthu atadziwa kuti ndi mafiti atatu ndi theka, ku Malawi malata amatchulidwabe m'mafiti, ndipo mlimi amadziwa munda wake m'maekala. Paliponse pamene amisiri awiri akumana pa ntchito imodzi, aliyense amabwera ndi muyeso umene manja ake adakulira.

Pa zaka zake zonse mayiyu adamva anthu a nthaka akuseka tizigawo ta anthu a nyumba kuti n'tachikale, ndipo adamva anthu a nyumba akudandaula kuti palibe tepi ya kalipentala yodziwa 0.37. Iye sadalowe mbali, chifukwa adaona manja a bambo ake akupinda chingwe, adaonanso mabuku a oyeza malo odzaza ndi manambala ofuna kuwonkhetsa, ndipo adadziwa kuti muyeso uliwonse ndi wanzeru kwawo. Choopsa chili pa malire, pamene nambala ichoka kwa anthu oidziwa n'kufika kwa ena ili yokha, yopanda woiperekeza. Kumudzi mlendo amafunsidwa kumene wachokera asanapatsidwe mphasa. Kompyuta imamulowetsa osafunsa. Kufunsako kudatsalira wojambula, ndipo ndiko kudali ntchito yake yeniyeni, ngakhale malipiro ake ankawerengedwa pa mizere imene wajambula.

Adapuma pa ntchito fiti yakale ija itangopumitsidwa kumene. Mafayilo amene adasiya amadziwika msanga kwa owatsegula, chifukwa pambali pa chojambula chilichonse, kunja kwa malire a pepala losindikizidwa, adalembapo mizere itatu m'mawu athunthu, osadalira chizindikiro cha pulogalamu. Mzere woyamba umanena ngati chimodzi ndi inchi kapena fiti. Wachiwiri umanena ngati fitiyo ndi ya 1893 kapena ya 1959. Wachitatu umanena pamene kuwerenga kudayambira, ndi pamene munthu angakapeze chikhomo chake m'nthaka akafuna kudziyezera yekha.